Majisitireti ndi jaji amasiyana pati, nanga chigamulo cha majisitireti chimadikira jaji?

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina wa kummwera kuno: "Mchimwene wanga anamangidwa pa mlandu wothyola nyumba usiku, ndipo sabata yatha majisitireti wa First Grade wamugamula zaka 7. Anthu kwathu akuti ameneyo si jaji weniweni, chigamulo chake sichigwira ntchito mpaka jaji asayinire. Ena akuti tinapusa, tikanapempha kuti mlandu ukaweruzidwe ndi jaji ku Blantyre. Kodi majisitireti ndi jaji amasiyana bwanji, nanga ife titani?"

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zagwa pakhomo panu. Tisanalowe mu za kusiyana kwa anthu awiriwa ndiyambe ndi chachangu, poti mwati chigamulo chinaperekedwa sabata yatha. Lamulo loyendetsera milandu yaupandu, lija maloya amangolitchula kuti CP&EC, limapereka masiku 10 okha kuchokera tsiku la chigamulo oti munthu adziwitse khoti mwa kalata kuti akufuna kuchita apilo. Masiku 10 amatha ngati madzi, makamaka pamene banja lili balalabalala kufunafuna ndalama ya transipoti yokamuona munthu kundende. Nde ngati mchimwene wanu akuti sanalakwe, kapena akuona kuti zaka 7 zachuluka, mawa lomweli pitani kwa kalaliki wa khoti lomwe linaweruzalo, kapena iyeyo auze akuluakulu a ndende kuti akufuna apilo, akaidi amathandizidwa kulemba chikalatacho konko. Masiku akadutsa sikuti zatheratu, khoti lalikulu la High Court limatha kulola apilo yochedwa, koma pamenepo mukufunika chifukwa chomveka chomwe munachedwera, ndiye bwanji kudzipatsa mtolo wina pamwamba pa umene muli nawo kale.

Tsopano zomwe akukuuzani kumudziko. Muli zoona pang'ono ndi bodza lambiri. Majisitireti ndi woweruza weniweni, khoti lake linakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 mu ndime 110, ndipo akagamula chilango chimayamba tsiku lomwelo, nchifukwa chake mchimwene wanu ali mkati panopa osati pakhomo kudikira siginecha ya munthu wina. Koma ndi zoona kuti chilango chachikulu chonchi fayilo yake imayenera kupita kwa jaji kukaunikidwa, ndipo pamenepo ndi pomwe pali chiyembekezo chanu, ndifikapo.

Kusiyana kwenikweni kuli pa malire a mphamvu. Jaji amakhala ku High Court, ndipo ndime 108 ya malamulo aja imati High Court ili ndi mphamvu zopanda malire zomva mlandu uliwonse, waupandu kapena wa pakati pa anthu, pansi pa lamulo lililonse. Majisitireti alibe zimenezo. Iye amagwira zokhazo zomwe aphungu anamulembera mu lamulo la makhoti lotchedwa Courts Act ndi mu CP&EC, mtundu wa mlandu, kukula kwa chilango, kuchuluka kwa ndalama zomwe anthu akukanganirana, zonse zili ndi polekezera, ndipo akangodutsa malirewo ngakhale atagamula mwanzeru bwanji chigamulocho jaji amachifafaniza. Zili ngati ku chipatala chaching'ono cha kwanu kuja, amene amakuonani ndi wachipatala weniweni, mankhwala ake amachiza ndithu ndipo ndi iye amene amaona odwala ambiri m'dziko muno, koma pali matenda ena amene saloledwa kuwagwira, amalemba kalata mupite ku Queens.

Milandu yomwe majisitireti aliyense, ngakhale wamkulu chotani, sangaweruze ndi yochepa: kupha munthu mwadala, kupha munthu mosakonzekera, kuukira boma ndi kubisa chiwembu choukira boma, kupulula mtundu wa anthu, ndi uchifwamba wa panyanja. Mwina munaonapo munthu woganiziridwa kuti wapha akutengeredwa kwa majisitireti nkumadabwa. Amapita kumeneko chifukwa ndime 42 imalamula kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, nde majisitireti amangomuuza mlandu wake ndi kumutumiza pa rimandi, kenako mlandu umatumizidwa ku High Court. Ngakhale belo ya mlandu wakupha majisitireti sangapereke, imakapemphedwa kwa jaji. Koma kupatula imeneyi, pafupifupi yonse yotsala, kuba, kuthyola nyumba, kuvulaza, chamba, kugwiririra, ngozi zapamsewu, katangale, imaweruzidwa ndi majisitireti, bola akhale wa giredi yoyenera. Ndipo musaganize kuti kumeneko kumangopita nkhani za nkhuku. Mlandu wa a Shepherd Bushiri ndi akazi awo, pomwe dziko la South Africa limapempha kuti atumizidwe kumeneko, unamvedwa ndi Chief Resident Magistrate ku Lilongwe, mlandu womwe dziko lonse limautsatira pa wailesi.

Ndiye amene akuti munapusa posapempha jaji akungokupwetekani mtima pachabe. Woimbidwa mlandu sasankha khoti. Ndi a boma, apolisi kapena ofesi ya DPP, mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, amene amatengera mlandu komwe lamulo likulola, ndipo mlandu wothyola nyumba malo ake ndi kwa majisitireti. DPP akafuna atha kutengera mlandu wina ku High Court chifukwa cha kukula kwake, monga inachitikira milandu yambiri ya Cashgate, koma inuyo ngati banja panalibe pepala lomwe mukanalemba kuti zisinthe. Ndipo kunena zoona, akanapita ku High Court mwina bwenzi mpaka lero ali pa rimandi kudikira tsiku, chifukwa majaji ndi ochepa ndipo amakhala malo anayi okha, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kwinako amangoyendera nthawi ndi nthawi, pamene makhoti a majisitireti ali boma lililonse mpaka m'matauni ang'onoang'ono.

Amajisitireti nawo sali ofanana, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Pali magulu awiri. Loyamba ndi la ma Resident Magistrate, awa ndi maloya athunthu, ali ndi digiri ya zamalamulo, ambiri anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, ndipo amakwera kuchoka pa Resident, Senior Resident, Principal Resident mpaka Chief Resident Magistrate amene amayang'anira chigawo chonse. Lachiwiri ndi la magiredi, First Grade, Second Grade, Third Grade ndi Fourth Grade, awa si maloya, ndi anthu amene anaphunzitsidwa zamalamulo pa mlingo wa satifiketi kapena dipuloma, ena ku sukulu ya ogwira ntchito m'boma ku Mpemba ena ku Chancellor komweko, ambiri anayamba ngati makalaliki a khoti nkumakwera ndi zaka. Chilango chomwe aliyense angapereke chimatsata giredi yake. Resident Magistrate atha kufika zaka 21, First Grade zaka 14, Second Grade zaka 10, otsikawo ndi zochepa kwambiri. Ndiye zaka 7 za mchimwene wanu zili mkati mwa mphamvu za First Grade, pamenepo palibe pogwira. Majisitireti akaona kuti mlandu ukuyenera chilango choposa mphamvu zake, samangowonjezera yekha, amamupeza munthu wolakwa kenako nkumutumiza ku khoti lapamwamba kuti likapereke chilangocho.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe tili ndi oweruza ambiri osakhala maloya, kumbukirani komwe tikuchokera. Nthawi ya a Kamuzu Banda kunali ma Traditional Court, ndipo kuyambira cha mu 1970 makhoti amenewa anapatsidwa mphamvu zoweruza ngakhale milandu yakupha ndi youkira boma, kopanda loya woimira munthu. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khoti lotere, osati High Court. Zinthu zitasintha mu 1993 ndi 1994 makhoti aja anaimitsidwa, nyumba zake ndi anthu ake ambiri analowetsedwa mu nthambi ya zamakhoti, ena mwa amene ankaweruza kumeneko nkukhala amajisitireti a magiredi otsika. Dziko linalibe maloya okwanira kudzaza makhoti onsewo, ndipo mpaka pano loya amene wangomaliza sukulu sathamangira kukakhala ku khoti la kumudzi kopanda nyumba yabwino. Malire okhwima omwe anaikidwa pa majisitireti, komanso lamulo loti milandu yakupha ipite kwa jaji yekha basi, ine ndimawaona ngati phunziro lomwe tinatenga ku nthawi imene ija, ndipo sindingafune kuti afewetsedwe.

Jaji njira yake ndi ina. Ndime 112 imati munthu sangakhale jaji pokhapokha akhale woti wakhala ndi chilolezo chogwira ntchito ya uloya kwa zaka zosachepera 10, kapena anakhalapo kale jaji wa khoti la mphamvu zopanda malire. Amasankhidwa ndi Pulezidenti potsatira malangizo a Judicial Service Commission, komishoni yoona za ntchito ya oweruza, ndipo mkulu wa majaji onse, Chief Justice, amayenera kuvomerezedwanso ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo ndi kuvota. Majisitireti Pulezidenti samukhudza, amalembedwa ndi Chief Justice potsatira malangizo a komishoni yomweyo, ndipo kumuchotsa kumadzeranso komweko. Majaji ambiri amene tili nawo anayambira pa u Resident Magistrate, ena anadutsa pa u Registrar, woyendetsa kaundula wa khoti lalikulu, ena anachokera kwa DPP kapena ku maofesi awo a uloya, ndiye si mitundu iwiri ya anthu yosakumana ayi, ndi makwerero, kungoti wa giredi amene alibe digiri sangafike pa ujaji pokhapokha abwerere ku sukulu.

Chomwe chimamusiyanitsa kwambiri jaji ndi mpanda womwe malamulo anamumangira kuti andale asamugwedeze. Kuchotsa jaji si nkhani ya kalata imodzi, pamafunika chifukwa cha kulephera ntchito kapena khalidwe loipa, ndipo malamulo a 1994 anaika kuti nkhaniyo idutse ku Nyumba ya Malamulo. Mu 2001 aphungu anayesa kuchotsa majaji atatu a High Court, a Dunstain Mwaungulu, a Anaclet Chipeta ndi a George Chimasula Phiri, phokoso linali lalikulu mkati ndi kunja kwa dziko ndipo pomaliza palibe anachotsedwa, a Mwaungulu ndi a Chipeta anadzafika mpaka ku Supreme Court of Appeal. Mu June 2020, patatsala masiku ochepa kuti tivotenso, boma linalengeza kuti Chief Justice Andrew Nyirenda apite kutchuthi chodikira kupuma ntchito, High Court inaletsa zimenezo ndipo iwo anakhalabe pampando mpaka anapuma okha kumapeto kwa 2021 atakwanitsa zaka 65, kenako analowa a Rizine Mzikamanda. Zaka zopumira majaji zinadzakwezedwa mu 2022 kufika 70. Chitetezo chimenechi sichinaikidwe kuti jaji azisangalala, chinaikidwa kuti tsiku lomwe inu mukulimbana ndi boma, woweruzayo asaope kutaya ntchito.

Tibwerere kwa mchimwene wanu. CP&EC imalamula kuti zilango zina za majisitireti zitumizidwe ku High Court kuti jaji akaziunike ndi kuzitsimikiza, ngakhale womangidwayo asanadandaule. Kwa Resident Magistrate ndi chilango choposa zaka 2, kwa First Grade ndi Second Grade ndi choposa chaka chimodzi, ndipo munthu amene ndi koyamba kupalamula akatumizidwa kundende fayilo yake imayeneranso kupita. Ndiye ya mchimwene wanu ipita, palibe kukayika. Jaji akailandira amawerenga zonse, mlandu unalembedwa bwino? munthuyo anamvetsa zomwe akuimbidwa? umboni unakwana? anapatsidwa mpata wofunsa mboni ndi wodziteteza? chilango chikugwirizana ndi zomwe makhoti apamwamba ananena pa milandu yofanana? Akakhutira amatsimikiza. Akapanda kukhutira atha kuchepetsa chilango, kusintha mlandu, kulamula kuti uzengedwenso, kapena kumumasula kumene. Athanso kuwonjezera chilango, ngakhale kuti pamenepo amayenera kumupatsa kaye munthuyo mpata woyankhulapo. Izi ndi zomwe anthu akwanu anamva nkuzipotoza kuti "mpaka jaji asayinire".

Vuto lake, ndipo ili limandiwawa, ndi loti kuunikaku kumayenda pang'onopang'ono. Fayilo imayenera kusonkhanitsidwa, itumizidwe ku Blantyre, ilembedwe mu kaundula, ipatsidwe jaji amene ali kale ndi mulu wa milandu ina, ndipo pali anthu amene jaji amadzapeza kuti chilango chawo chinali chachikulu mopyola atakhala kale mkati nthawi yaitali kuposa yomwe ankayenera. Nchifukwa chake sindikufuna mungokhala pansi kudikira. Apilo ndi yanu, mumalembamo zifukwa zanu ndipo mlandu umaikidwa tsiku, pamene kuunika kuja jaji amatha kungochita ali mu ofesi ndi fayilo yokha.

Pali zinthu ziwiri zomwe simunandiuze ndipo zikusintha zambiri. Choyamba, anavomera mlandu kapena anaukana? Ngati anavomera, lamulo silimulola kuchita apilo yoti sanalakwe, atha kudandaula za chilango chokha, pokhapokha ngati kuvomerako kunali kosamveka bwino, mwachitsanzo munthu kunena kuti "ndinalowadi m'nyumbamo koma ndimakatenga katundu wanga", kumeneko si kuvomera mlandu ndipo majaji amathetsa zigamulo zambiri pa chifukwa chimenechi. Chachiwiri, ndi koyamba kupalamula? Pa mlandu wothyola nyumba usiku majaji a High Court anaika kale poyambira pa zaka 6, majisitireti amayambira pamenepo nkukwera kapena kutsika. Zimakwera ngati anali gulu, anali ndi zida, anaopseza kapena kuvulaza eni nyumba, anawononga kwambiri, kapena ali ndi mbiri ya milandu. Zimatsika ngati ndi wachichepere, ndi koyamba, anavomera osataitsa khoti nthawi, katundu anapezeka. Nde ngati mchimwene wanu ndi koyamba, anali yekha, sanavulaze munthu ndipo anavomera, zaka 7 pali poyankhula ndithu. Koma ngati panali zikwanje ndipo mwini nyumba anagonekedwa m'chipatala, mufunse loya kaye musanathamange, chifukwa pa apilo chilango chimathanso kukwera.

Mwaona pamenepa kusiyana kwina kwakukulu, zomwe jaji wagamula zimamanga amajisitireti onse. High Court ikatanthauzira lamulo, majisitireti wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje onse ayenera kutsata, pamene chigamulo cha majisitireti chimathera pa mlandu womwewo, sichimanga ngakhale mnzake wa chipinda choyandikana. Ndipo mphamvu yonena kuti lamulo lomwe aphungu anakhazikitsa likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko ili ndi majaji okha. Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha vakabu. A Mayeso Gwanda, ochita geni, anagwidwa ndi apolisi mbandakucha mu 2015 ku Blantyre akupita kukagulitsa majumbo, nkuimbidwa mlandu wa vakabu kwa majisitireti. Majisitireti sakanatha kunena kuti lamulolo ndi loipa, ntchito yake ndi kuligwiritsa ntchito momwe lilili. Nkhani inakwera ku High Court, majaji atatu anakhala, ndipo mu January 2017 anagamula kuti ndime 184(1)(c) ya Penal Code, lamulo la milandu yaupandu ndi zilango zake, ndi yosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuyambira pamenepo palibe majisitireti angamange munthu ndi ndime imeneyo. Chimodzimodzi mlandu wa Kafantayeni mu 2007, womwe unathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingogamulidwa kuphedwa popanda kuona momwe zinachitikira. Milandu yotere Chief Justice amaitsimikiza kaye kuti ikukhudza malamulo oyendetsera dziko, ndipo pamakhala majaji osachepera atatu, ndi chomwe anthu amachitcha Constitutional Court, si khoti lapadera ayi ndi High Court yomweyo. Pa mlandu wa chisankho uja panakhala majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, anathetsa zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha 2019 pa 3 February 2020, Supreme Court of Appeal nkuvomereza mu May chaka chomwecho.

Pa milandu ya pakati pa anthu ndingodutsa mwachangu poti si yomwe mwafunsa, koma mudzaifuna tsiku lina. Majisitireti amamva za ngongole ndi chipukuta misozi mpaka pa mlingo wa ndalama womwe giredi yake ikulola, zikapyola ndi ku High Court. Sangapereke chiletso chija anthu amati injankishoni, sangagamule za umwini wa malo a lizi, ndipo pa maukwati amathetsa achikhalidwe, aja a ankhoswe, pamene omangitsa kwa DC amapita kwa jaji. Koma mayi amene akumenyedwa pakhomo asamve izi nkuganiza kuti afunika ulendo wa ku Blantyre, lamulo la 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja limapatsa majisitireti mphamvu yopereka chikalata choteteza pompo. Za ana olakwira malamulo zimapita ku Child Justice Court komwe amakhala ndi majisitireti, za kuchotsedwa ntchito ku Industrial Relations Court, onsewa ali pansi pa High Court.

Mukalowa mkati mwa makhoti awiriwa mumaonanso kusiyana ndi maso. Kwa jaji kuli mikanjo ndi mawigi, maloya mbali zonse, woimira boma ndi loya wochokera kwa DPP, ndipo woweruza amatchulidwa My Lord kapena My Lady. Kwa majisitireti amati Your Worship, wozenga mlandu nthawi zambiri ndi wapolisi, ndipo woimbidwa mlandu amaima yekha opanda loya, munthu woti mwina sanalowepo m'khoti chibadwire, akuuzidwa kuti afunse mboni mafunso iye nkumangoti "ndilibe funso bwana" poganiza kuti ndi ulemu, osadziwa kuti zikulembedwa ngati sanatsutse umboniwo. Majisitireti amamvetsera, amalemba ndi dzanja mawu onse m'Chingerezi pamene anthu akuyankhula Chichewa, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena kudzera mwa womasulira, ndipo akamaliza umenewo panja pali mzere wina ukudikira. Zolemba zimenezo ndi zomwe jaji adzaone. Jaji wa apilo sadzaitananso mboni kuti ziyambirenso, sadzaona nkhope ya mchimwene wanu pamene ankafotokoza, adzaona pepala, ndipo zomwe sizinalembedwe kwa iye zili ngati sizinanenedwe. Nchifukwa chake majaji safulumira kutsutsa majisitireti pa nkhani yoti mboni iti imanena zoona, amati iye ndi amene anaiona ndi maso. Apilo yolimba ndi yoloza cholakwika chooneka mu fayilo, osati yongoti "sitinakhutire".

Ine maganizo anga ndi oti amajisitireti timawapeputsa mopanda chilungamo. Mmalawi wamba akati wakumana ndi khoti, pafupifupi nthawi zonse ndi kwa majisitireti, jaji amangomumvera pa wailesi. Ndi majisitireti amene amasayinira zikalata zoti apolisi akamange kapena akafufuze m'nyumba, ndi iye amene amaona ngati munthu wasungidwa mu selo mopyola nthawi, ndi iye amapita kundende kukachita makhoti a konko kuti a rimandi oiwalika atuluke. Ndawaona a First Grade amene amadziwa CP&EC kuposa maloya ambiri ovala bwino, chifukwa aigwira tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Koma kunena izi sikubisa kuti zolakwika zimachitika, ndipo zimachitikira kwambiri munthu wopanda loya, pa kuvomera mlandu kosamveka, pa kusafotokozeredwa ufulu wake, pa chilango choperekedwa mtima uli m'mwamba chifukwa mudzi wonse wadzaza khoti ukufuna magazi. Lamulo linadziwa kuti zidzachitika, nchifukwa chake linaika jaji pamwamba. Kupempha jaji kuti aunike si kunyoza majisitireti, ndipo majisitireti wabwino sakwiya nazo.

Ndiye mayi chitani izi. Kwa kalaliki mukatenge nambala ya mlandu, muilembe pabwino chifukwa kulikonse komwe mupite adzakufunsani imeneyo osati dzina lokha, ndipo mupemphe kope ya chigamulo ndi zolemba za mlandu. Chikalata chodziwitsa za apilo chilowe masiku 10 asanathe ngakhale zifukwa zonse musanazikonze, zifukwazo zimatsatira pambuyo mukalandira zolemba. Ngati ndalama ya loya palibe pitani ku Legal Aid Bureau, ndi ofesi ya boma yoimira anthu osauka ndipo ili ndi maofesi m'mizinda ndi m'maboma angapo, komanso kundende kumafika ma paralegal a bungwe la PASI, othandiza anthu pa zamalamulo koma si maloya, mchimwene wanu awafunse akabwera. Pakapita milungu ingapo funsani ku khoti lija ngati fayilo yatumizidwa, akati yapita funsani tsiku, kenako mukafunse ku kaundula wa milandu yaupandu ku High Court ku Chichiri ngati yafika ndi nambala yomwe yapatsidwa kumeneko. Kufunsa mwaulemu koma mobwerezabwereza kumasuntha fayilo kuposa china chilichonse chomwe banja lingachite.

Belo podikira apilo iliko koma musaikepo mtima kwambiri, munthu akapezeka kale wolakwa makhoti amapereka pokhapokha pali zifukwa zapadera, monga apilo yooneka poyera kuti ipambana kapena chilango chachifupi choti chitha apilo isanamvedwe, ndipo zaka 7 si chachifupi. Ndipo wina akakuyandikirani pa khonde la khoti kapena pa foni nkumati amadziwana ndi jaji kapena kalaliki, mupereke kenakake fayilo iyende kapena zaka zitsike, musapereke olo 1 kwacha. Ambiri otere ndi akamberembere amene amadziwa kale kuti jaji amatha kuchepetsa chilango payekha pounika, nde zikatsika amati ndi iwo, zikapanda kutsika foni yazimitsidwa, ndipo inuyo woperekayo mwapalamula mlandu wa katangale womwe mukaweruzidwe kwa majisitireti yemweyo. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti, ngati ya kope ya zolemba, imalipiridwa ku ofesi ndipo mulandire lisiti ya boma.